Dothi Lamphamvu

Wakuba anali atavomera kale mlandu Sajeni Tabita asanazimitse n'komwe njinga yamoto, ndipo chimenecho ndicho chinamukayikitsa.

Anachoka ku Mponela m'mawa, fumbi la Seputembala likumulondola m'mbuyo. M'mapiri a kwa Msakambewa mitengo inali itayamba kuphuka masamba ofiira, aja amatuluka mvula isanaganize zobwera, ngati munthu wotchena kudikira chibwenzi chimene sichinalonjeze tsiku. Tabita akadakonda kuima n'kumangoyang'ana. Koma pansi pa mtengo wa mango panali anthu, ndipo pakati pawo bambo wina wa imvi zoyamba kumene anakhala pa njerwa, manja atamangidwa ndi chingwe cha khonje.

A Yoswa, wapampando wa apolisi a m'mudzi, anamuchingamira atavala kajekete konyezimira.

"Bwana, mwangoononga petulo. Kesi iyi ife taimaliza kale."

Anafotokoza mofulumira, akukhudza chifuwa chawo paliponse pamene dzina lawo limalowa m'nkhani. M'mudzimo munabwera wophunzira wa ku yunivesite dzina lake Dave, amene ankayenda m'minda ndi kamakina, kutapa dothi n'kumaliyanika m'chigafa cha fodya cha mayi Margareta. Dothi lina linasowa. Tsono mudzi wonse unali utamva a Festus, omangidwawa, akumukalipira Dave tsiku limene anakumba m'munda mwawo. Anati munthu wotapa dothi m'munda mwa mnzake ndi wokawa, wofuna kuti chimanga cha eni chikatulukire m'nkhokwe yake. Ndiye dothi litasowa, a Yoswa sanavutike kufunsa anthu ambiri.

"Ndinatenga ndine," anatero a Festus, maso ali pa zala za kumapazi. "Munda ndi wanga, dothi ndi langa. Nditengeni tizipita."

Tabita anawayang'ana. Anali mkulu wa mpingo, munthu amene chitokosi ankangochimva m'nkhani za ena. Akadakwera njinga ija kupita ku Mponela, ngakhale atakagona usiku umodzi wokha, Lamulungu lotsatira sakanaimanso kutsogolo kwa anthu. Iwo ankadziwa zimenezo. Nanga ankathamangira chiyani?

Anawafunsa kumene anaika dothilo. Anati analibwezera kumunda. Anawafunsa ngati anatenga ulendo umodzi. Anati eya, umodzi, m'thumba la feteleza. Mayankho ankabwera msanga, funso lisanathe.

"A Yoswa, amasuleni. Akhale pomwepa, koma chingwecho chibwerere ku mbuzi."

*

M'chigafa munali mthunzi wonunkhira fodya wa chaka chatha. Pamathandala pamene pankapachikidwa masamba panali mabeseni apulasitiki m'mizere, lililonse ndi nambala yake. Dave anali wamtali, woonda, wa Chichewa cha m'tauni chimene chinkapunthwa chikafika pa ntchito yake.

Anamuonetsa mabeseni atatu a m'munda wa a Festus: la kumunsi, la pakati, ndi la kumtunda, pachulu chimene chili m'tsinde mwa thanthwe. Awiri oyambawo anali odzaza bwinobwino. M'lachitatu munatsala fumbi lokha pansi.

Tabita anayang'ana awiri odzazawo nthawi yaitali. Munthu woopa kukawidwa sasiya dothi lake lina m'manja mwa mdani. Akadatenga onse atatu, mwinanso n'kuswa mabeseniwo.

"Linasowa tsiku liti?"

Dave anakanda m'mutu. Anati silinasowe tsiku limodzi. Linkangochepa pang'onopang'ono. Poyamba anaganiza kuti likufota chifukwa chouma, kenako anaganizira makoswe. Zigulumwa ndizo zinkatha, fumbi n'kumatsala. Pamene anaona kuti beseni layera ndi pamene anauza a Yoswa, poti katunduyu ndi wa sukulu ndipo akuluakulu ake akamufunsa.

"Koma dothi, achimwene, si lodzaza phiri lonseli? Simungakakumbe lina?"

"Kukumba lina ndingathe, bwana. Chimene chikundisowetsa mtendere n'chakuti lomwe latengedwalo lili kuti, ndipo akulichita chiyani."

Anatulutsa kamakina kachikasu, konga wailesi ya m'thumba. Atakayandikiza pa beseni la kumunsi, kanalira mwaulesi, kamodzi, n'kukhala chete, n'kuliranso. Atakaika pa fumbi la m'beseni lachitatu, kulira kuja kunathinana ngati chimanga chikuthetheka m'phale.

Anafotokoza kuti miyala ili ndi tinthu tina timene tinalengedwa nayo limodzi, totulutsa cheza chosaoneka ndi maso, chosamveka pakhungu. Chili paliponse pang'ono: m'dothi, m'madzi, m'nthochi, ngakhale m'mafupa mwathu, ndipo anthu akhala nacho kuyambira kale osadziwa. Koma malo ena miyala yake imakhala nacho chambiri. Munthu akamapuma fumbi la pamalo otero chaka ndi chaka, kapena kuumbira njerwa za nyumba yogona yopanda mazenera, mwayi wodwala khansa umakwera. Ngati chulu cha a Festus chafika pamenepo kapena ayi, kamakina aka sikanganene. Kamangoloza poyenera kufufuza. Yankho lenileni limachokera ku makina aakulu a kusukulu.

Tabita ankamvetsera, koma maso ake anali pansi. Pafupi ndi mzati panagwa kachigulumwa kotuwa, kakang'ono ngati dzira la nkhunda. Anakatola n'kupita nako padzuwa. Mbali imodzi kanali kosalala, ndipo panali timizere tiwiri totakata, toyandikana.

"Mwati makoswe?"

"Ndinkaganiza choncho."

"Khoswe wa mano otere ndikanamumanga ndi unyolo," anatero Tabita, n'kuika kachigulumwa kaja m'thumba la malaya.

*

Mayi Margareta, eni chigafa, anali pakhonde akuswa mtedza. Anayamba ndi kunena kuti iwo za anthu sadziwa, amangokhala pawo, kenako anakamba za anthu mpaka lichero linadzaza.

A Festus? Anthu aja pakamwa pokha. Amakalipa m'mawa, madzulo akubweretsera mbatata. Komanso sabata yathayi sanali pamudzi, anali ku Ntchisi kokafolera tchalitchi ndi akuluampingo anzawo, anabwera dzana lomweli atapsa ndi malata. Tabita anafunsa ngati dothi linkachepabe masiku amenewo. Mayi Margareta anati nanga mwana uja Dave sanali kudandaula tsiku ndi tsiku, mpaka iwo anamubwereka msampha?

"Ndiye mwanayu ndi wabwino, koma Chichewa chake chinatipha ndi nthiti," anapitiriza. "Tsiku limene anaitanitsa msonkhano wa mudzi akuti, dothi lanu lili ndi cheza. Ine ndinati, kodi a Dave, dothilo limacheza ndi ndani, poti ife timalilima chaka chilichonse osatipatsa ndi moni yemwe? Anthu gwa, kuseka. Iye manyazi, thukuta. Basi anasintha, akuti chabwino, tinene kuti mphamvu. Dothi lili ndi mphamvu. Ndiye anatulutsa kanthu kake kolira kaja, akuti mwamva? La pachulu cha a Festus ndiye lili ndi mphamvu kuposa lonse m'mudzi muno."

"Ananena kuti mphamvuyo ndi yoopsa?"

"Mwina ananena. Pamene anthu akusekapo mungamve? Ena anali atayamba kale kuwayamikira a Festus kuti chaka chino akolola."

Tabita anafunsa amene amalowa m'chigafa. Mayi Margareta anati chigafa chilibe chitseko, ndipo njira ya kumjigo imadutsa pomwepo. Ana, mbuzi, aliyense. Kenako anasiya kuswa mtedza n'kuyang'ana kumbali.

"Ine sindinanene kanthu. Koma Nambewe, Sabina, mkazi wa a Festus yemweyo, mwezi uno wabwereka sefa kwa ine kangapo. Sefa ali nayo, ndinamugulira ndine ku Mponela. Akabwera salowera kuno kukhonde, amazungulira kuchigafa."

Anatsitsa mawu, ngakhale panalibe wina womva koma nkhuku. Anati Sabina anatengedwa chitengwa kuchokera ku Chezi ali mtsikana wowala ngati mwezi, ndipo mpaka lero m'nyumbamo simunalire mwana. Si kuti sankaima ayi. Ankaima, miyezi ingapo, kenako n'kupita padera. Kangapo konse. Alamu ake ankalankhula poyera pamtondo kuti mkaziyu alibe mphamvu yosunga mwana. A Festus anauzidwa kambirimbiri kuti apeze wina, koma iwo ankangoyankha kuti anakwatira munthu, sanagule nkhuku yoikira.

Tabita sanamve zotsalazo. Mawu amodzi anali atamukola m'khutu, ndipo anali atawamva kawiri pakhonde lomwelo.

Anaimirira mwadzidzidzi mpaka makoko a mtedza anamwazika.

"Kwa a Festus ndi kuti?"

*

Nyumba inali kumapeto kwa mudzi, poyang'anana ndi phiri. Kuseri kwake mayi wina wa nkhope yofatsa anakhala pamphasa akusankha nyemba, koma mulu wosankhidwa unali waung'ono kwambiri. Ataona yunifomu anafuna kudzuka. Tabita anamuletsa ndi dzanja, anavula chipewa, n'kukhala pamphasa pomwepo, miyendo atatambasula ngati mlendo wamba.

Anapatsana moni. Anakamba za mphepo, za mjigo umene ukuchedwa kutulutsa madzi. Tabita ankayang'ana milomo ya Sabina, yotuwa m'mbali, ndi m'maso mwake moyera ngati mwa munthu wochepa magazi. Pangodya ya chitenje chake panali mfundo yolemera.

Anatulutsa kachigulumwa kaja n'kukaika pamphasa pakati pawo.

"Ine pa mwana wanga woyamba ndinkakonda la pakhoma la khitchini, lija lamwaye," anatero. "Amayi ankandithamangitsa ndi chipande. Inu Nambewe, mwaima liti?"

Sabina anayang'ana kachigulumwa kaja. Kenako anamasula mfundo ija pang'onopang'ono. Munali zigulumwa zotuwa, zochepa, zina zolumidwa.

"Mwezi wachinayi uno," anayankha motsitsa. "Sindinafikepo apa."

Atayamba kulankhula sanaimenso. Anati amuna ake sakudziwa. Maulendo ena onse ankawauza msanga, ndipo iwo ankasangalala ngati mwana, kugula nsalu, kusankha maina ali kumunda. Zikalephereka ankapita kuseri kwa nkhokwe kukalira okha, poganiza kuti iye sakumva. Ulendo uno anaganiza zosunga yekha mpaka mwanayo atayamba kugunda mwamphamvu, kuti zikavutanso, wolira akhale mmodzi.

Chilakolako cha dothi chinabwera chokha monga chimachitira. Ndiye kunabwera msonkhano uja. Munthu wophunzira, wa makina, ananena pamaso pa mudzi wonse kuti dothi la pachulu chawo lili ndi mphamvu kuposa lonse. Sabina anati anamva ngati wina wamutchula dzina m'tchalitchi. Zaka zonsezi akunenedwa kuti alibe mphamvu, pamene mphamvuyo inali m'munda mwake momwe, iye akuipalira ndi khasu.

Tabita anafunsa chifukwa chimene sanapite kukakumba yekha pachulupo.

"Chulu n'chachikulu, mayi. Ndikanalakwitsa mbali. Ndinkafuna lomwelo limene makina analisankha."

Dzulo a Festus anamupeza akumanga mfundo ija ndipo analizindikira dothilo. Anaganiza kuti mkazi wawo walibweza poopa kukawidwa, chifukwa cha mawu amene iwo omwe anakalipa. Sanamufunse kanthu. A Yoswa atabwera m'mawa, iwo anangotambasula manja.

"Ndimati ndikanene masana ano," anatero Sabina. "Miyendo ikukana. Koma musawatenge, mayi. Tengani ine. Kungoti mundilole nditsirize latsalali, mwezi uno ndiwo woopsa."

Tabita anagwirapo akuba ng'ombe, anaonapo mitembo m'madambo, koma sanafunepo kuthawa ntchito yake ngati nthawi imeneyo. Anayang'ana phiri, thanthwe lija likunyezimira padzuwa, lokongola, losadziwa kanthu. Anatambasula dzanja n'kuphimba zigulumwa zija.

"Nambewe, mphamvu ija si imene mukuganiza."

*

Tabita anatuma mayi wina wodutsa kuti akaitane Dave yekha, osati gulu. Dave atafika n'kuona zigulumwa zolumidwa pamphasa, anakhala pansi padothi osayang'ana pokhala. Tabita anamuuza mwachidule. Iye anagwira pakamwa.

Sabina anali atamva kale kuchokera kwa Tabita kuti mphamvu ya m'dothilo si yolimbitsa thupi, ndi ya mtundu umene ukachuluka umadwalitsa. Sanalire. Manja onse awiri anali pamimba.

"Achimwene, mundiuze zoona. Ndamupha?"

"Ayi, mayi."

Dave anayankha msanga, kenako anaima, n'kuyambanso mosamala, akusankha mawu amodziamodzi ngati munthu wowoloka mtsinje pamiyala. Anati dothilo si poizoni ngati mankhwala a makoswe. Kuopsa kwake kumabwera ndi zaka zambiri, osati masabata ochepa, ndipo zambiri mwa zimene munthu wameza zimangodutsa n'kutuluka. Kamakina kake kamalira ngakhale pa zinthu zochepa kwambiri, ndiyo ntchito yake. Sakanalonjeza zonse makina aakulu asanayankhe, ndipo za mwanayo odziwa ndi achipatala, osati iye. Koma ngati akufuna kumva chimene iye akuopa kwambiri lero, si cheza chija ayi. Ndi njoka zam'mimba zimene zimakhala m'dothi lililonse, komanso kuchepa kwa magazi, kumene nthawi zambiri ndiko kumayambitsa chilakolako chimenechi.

"Musadyenso, ili kapena lina lililonse. Mupite kusikelo lero lomwe, mukawauze zonse, za dothi ndi za maulendo ena aja."

Kenako anayang'ana pansi. Anati anthu atamuseka anafuna mawu ofewa oti asamusekenso, ndipo sanaganize kuti mawuwo akagwera m'khutu la ndani. Tabita sanamutonthoze. Anangomuuza kuti aitanitsenso msonkhano, ndipo ulendo uno alole kusekedwa mpaka anthu amve, chifukwa pali ena amene akuganiza kale zokaumba njerwa pachulu chomwecho kuti nyumba zikalimbe. Anamufunsanso ngati sukulu yake ikufunabe mlandu. Dave anapukusa mutu.

A Festus anabwera akutsogozedwa ndi a Yoswa, amene ankaoneka okhumudwa kuti kesi yawo ikusungunuka. Tabita anawathokoza a Yoswa chifukwa cha ntchito, n'kuwapempha kuti akaone ngati ana sakuseweretsa njinga yake. Anapita monyinyirika.

A Festus ataona zigulumwa pamphasa, nkhope inagwa.

"Bwana, ndanena kale kuti ndine. Mkaziyu musamuvutitse, sadziwa kanthu."

"Bambo, munali ku Ntchisi pamene dothi linkatha. Komanso mabeseni anu awiri akadali odzaza. Kunama simukudziwa, musayambe muukalamba. Mlandu palibe. Koma mayiwa ali ndi mawu."

Tabita anadzuka n'kukokera Dave kumbali, pafupi ndi khola, koma osati kutali kwambiri. Sabina anaimirira, akukonza chitenje chimene chinali chokonzeka kale.

"Abambo," anatero, "ndaima."

"Ndikuona. Khalani pansi, mwatuwa."

"Ayi, abambo. Ndaima."

A Festus anayang'ana zigulumwa zija, timano tija, nkhope ya mkazi wawo, kenako manja ake amene anali pamimba. Tabita anaona munthu wamkulu akuwerenga nkhani yonse mobwerera, kuyambira pa chingwe cha khonje mpaka pa tsiku la msonkhano. Sabina anawauza zotsalazo mofulumira, za mphamvu ija, za zimene Dave wanena, za kusikelo, ngati akuopa kuti akapuma sadzathanso.

"Miyezi inayi," anatero a Festus pomaliza. "Nokha."

"Ndimati ndikusungireni misozi."

"Misoziyo ndi yanga, Nambewe. Muzindipatsa."

A Festus analowa m'nyumba n'kutuluka ndi njinga yakapalasa, bulangete atalipinda pakaliyala. Tabita anati akhoza kumutenga Sabina pa njinga yamoto, afika msanga. A Festus anayang'ana msewu wotsika phiri, wa miyala ndi migula ya mvula ya chaka chatha, n'kukana mwaulemu. Anamukweza mkazi wawo ngati akukweza mtsuko wodzaza, n'kumuuza kuti agwire chishalo.

Iwo sanakwere. Anagwira mahandulo n'kuyamba kukankha, akuzemba mwala uliwonse, ndipo chipatala chinali kuseri kwa mapiri awiri. Tabita anawapitirira pakona yoyamba. Atayang'ana pagalasi anaona Sabina akulankhula, akuloza msewu, mwina akuti pa liwiro limeneli akapeza atatseka. A Festus ankangogwedeza mutu, osawonjezera phazi.